Ndege Imene Ndinakwera Sinauluke

Tsiku limene bwana wanga mmwenye anandiuza kuti akutseka sitolo n'kutsatira ana ake ku Ulaya, anandipeza ndili ndi nyuzipepala m'manja. Musaganize kuti ndinkawerenga ngati bwana wa mu ofesi, inali yokulungira misomali. Ntchito yanga m'sitolo ya zitsulo ija, mu Old Town, inali yoyeza misomali pa sikelo, kuikulunga, n'kupatsira kasitomala pa kauntala. Matenda anga anali oti tsamba lililonse ndinkafuna ndiliwerenge kaye ndisanakulungire. Munthu ankaima, mmisiri akumudikira ku nyumba, ine ndili pakati pa nkhani ya chisankho cha dziko lina chimene chinachitika chaka chatha. Bwanayo ankati mu Lilongwe monse ndine ndekha wodziwa theka la nkhani iliyonse, chifukwa theka linalo linkapita ndi misomali.

Sitolo itatsekedwa ndinayenda kufuna ntchito, kuyambira ku Malangalanga mpaka m'maofesi a ku City Centre. Sukulu ndinalekera Fomu 2, ndiye alonda a pa geti ankandibweza mwaulemu ndisanaone n'komwe chitseko. Nsapato zitatha ndinakwera minibasi kupita ku Area 14 kukauza achemwali anga kuti ndaganiza zopita ku Joni.

Achemwali angawo, a Nambewe, ndi amene anandilera mayi athu atamwalira. Amaphika ndi kuchapa pa nyumba ya banja lina la ku Rumphi, anthu ogwira ntchito m'boma, ndipo amakhala m'kanyumba ka antchito kuseri. Amuna awo anamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi, Tiyamike. Ine banja langa linatha lisanabale kanthu, choncho mbumba yanga yonse ndi Tiyamike. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako. Nkhani yake ikakhala yaikulu, siyitha atsibweni asanalankhule.

Ndinawapeza akusita. Anandimvetsera osaika pansi simbi, kenako anandifunsa ngati ku Joniko kulinso misomali yoti ndikaichedwetse. Sanandiletse. Anangoti ndizikumbukira kuti mwanayu atsibweni ake ndine ndekha. Tiyamike nthawi imeneyo anali ku pulayimale, mano akutsogolo atagweluka, ndipo pempho lake linali limodzi: nsapato zowala pansi munthu akamaponda.

Ku Joni ndinayamba ndi maganyu a m'maluwa ngati wina aliyense. Kenako mnzanga wa ku Mzimba anandilozera kasukulu kophunzitsa kuyendetsa ndege, kutali ndi tauni, pakati pa minda ya chimanga ya azungu. Kanali ndi tindege tochepa, shedi imodzi, ndi msewu wothamangirapo ndege wodzaza ming'alu. Ntchito yanga inali kutchetcha udzu, kutsuka tindegeto, kutikankha kutilowetsa m'shedi, ndi kuthamangitsa nkhanga pamsewu. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa shedi. Mwini wake anali mkulu wina wa imvi amene anayendetsapo ndege za katundu za asilikali ali mnyamata. Aliyense ankangomutchula kuti Kaputeni.

Mu ofesi ya Kaputeni munali shelefu ya mabuku akale a ndege, ena opanda zikuto. Tsiku lina anandipeza nditaima ndi tsache kukhwapa, buku m'manja, fumbi lili pomwepo. Ndinadziwa kuti ntchito yatha. Iye anangondifunsa ngati ndikumva zimene ndikuwerengazo. Ndinati ndikumva theka. Anaseka, n'kundibwereka dikishonale. Kuyambira pamenepo ndinawerenga shelefu yonse, kuyambira za mitambo mpaka za injini, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga palibe amene anandilanda tsamba ndili pakati.

Ndisaname, kumeneko kunali kusungulumwa. Lamlungu ndege sizinkauluka, ndipo malo onsewo ankangoti zii, mphepo yokha ikugwedeza malata a shedi. Miyezi yozizira madzi ankaundana m'chidebe. Pankapita milungu osalankhula Chichewa ndi munthu, mpaka ndinayamba kulonjera ndege m'mawa, kuzifunsa ngati zadzuka bwanji. Ndalama ndinkatumiza mwezi ukatha, nthawi zina zochepa zochititsa manyazi. Nsapato zowala zija ndinazipatsira transipota, aja onyamula katundu wa anthu kupita kumudzi, koma zinachedwa m'njira moti zinafika phazi litakula. Za kubwera kumudzi ndinkati chaka chamawa. Masiku anga a m'pasipoti anali atatha kale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangotuluka pa chipata sadzandilolanso kulowa. Ndiye chaka chamawacho chinkangosuntha.

Chimene chinandisunga ndi mavoisi. Lamlungu lililonse ndinkakhala pa tayala la ndege n'kujambula mawu pa foni, kutumiza pa nambala ya achemwali kuti Tiyamike amve. Nkhani zina ndinalibe, ndiye ndinkamuuza zimene ndawerenga mlungu umenewo. Ndinamuuza kuti ang'ambe pepala, aligwire pansi pa mlomo, auzire pamwamba pake, aone likudzuka lokha. Ndinati phiko la ndege limatero. Ndinamuuza mayina a mitambo, n'kumamutuma kuti akayang'ane kumwamba kwa Area 14 andiuze umene ulipo. Achemwali sankayankha kawirikawiri. Akayankha, kunali kudandaula kuti makope a mwana akutha ndi kuuzira, komanso kuti maphunziro angawo akudya bandulo.

Anthu akamva kuti ndinagwira ntchito ku ndege amandifunsa kuti kumwambako kumamveka bwanji. Ndimawauza zoona: ndege ndinakwera kamodzi, koma sinauluke. Kaputeni anandinyengerera kwa nthawi yaitali, ine ndikukana, chifukwa ndine munthu woti ngakhale pa makwerero miyendo imanjenjemera. M'mawa wina ndinalola. Anazungulira ndege yonse wapansi monga ankachitira nthawi zonse, kugwira phiko, kugwedeza chipsepse, kutsitsa timafuta m'kabotolo kuona ngati mulibe madzi. Tinalowa, anandimanga malamba, ophunzira ake ataima pa shedi kudzaonerera. Ndege inayamba kuthamanga. Ine ndinatseka maso n'kuyamba kutsanzikana ndi abale onse mmodzimmodzi. Mwadzidzidzi injini inatsika mawu, mabuleki anagwira, tinakhota n'kubwerera ku shedi ngati ngolo.

Ophunzira anaseka, poganiza kuti ndakuwa. Kaputeni anawauza kuti injini inatsokomola pang'ono, kamodzi kokha, ndipo mwina sichinali kanthu. Anati woyendetsa amene amafika pa imvi ndi amene amadziwa kubwerera msewu usanathe, anthu akumuseka. Amakaniko atatsegula anapezadi kanthu kakang'ono kotha. Ine ndinatsika n'kukapitiriza kutchetcha udzu ndi chimwemwe chachikulu, ndipo sindinakwerenso. Lamlungu limenelo ndinaifotokoza nkhaniyi m'voisi yaitali kwambiri, ndikudziseka ndekha.

Zaka zinapita. Tiyamike anakhoza mayeso, n'kupita ku koleji kukaphunzira masamu ndi fizikisi. Anali ndi foni yake tsopano, ndipo mavoisi anayamba kubwerera chakuno. Anandiuza mwaulemu kuti nkhani ya pepala ija ndi theka chabe la chimene chimanyamula ndege, n'kundifotokozera theka linalo ndi masamu amene ndinawamvetsera katatu osatolapo kanthu. Ndinanyadira ngati ndawalemba ndine.

Ali m'chaka chomaliza anandiimbira. Pa foni ankanditchula kuti ankolo, monga ana a m'tauni. Anati akamaliza mayeso akufuna kulowa usilikali, mbali ya ndege. Sukulu zolipira zoyendetsa ndege sitikanazikwanitsa ngakhale titagulitsa mbumba yonse, ndipo iye anati ngakhale zikanatheka, akufuna ndege zimene zimanyamula odwala ndi chakudya madzi akasefukira. Ndinamuyamikira ndi mawu akuluakulu. Foni itaduka ndinakhala pansi. Ndinali nditaonapo mayi wina akubwera kudzatenga chikwama cha mwana wake amene anafa pa ngozi ya ndege, pa kasukulu kena ka ndege ka kufupi nafe. Ndipo mbewu imeneyi ndinaidzala ndine, pa tayala la ndege, chifukwa chosowa wocheza naye.

Patapita masiku, voisi inabwera kuchokera kwa achemwali. Inali yaifupi, ndipo sananditchule Dayisoni monga mwa masiku onse.

"A Mbewe, eni mbumba. Mwana wanu wanena zimene wanena. Ine sindivomera, sindikana. Nkhani ya mwana siyikambidwa pa foni. Bwerani."

Tiyamike anali wamkulu, lamulo silikanamuletsa kukalembetsa yekha. Koma anandiuza kuti sapita mayi ake asanamudalitse, ndipo asilikali akalengeza zolemba anthu sadikira kuti banja ligwirizane. Ndinayesa njira zonse. Ndinati tikambirane pa vidiyo, ine ndivale jekete. Achemwali anati sanaonepo mwini mbumba wa m'galasi. Ndinati nditume msuweni wathu wa ku Area 25 akandiimire. Anati msuweniyo si amene anang'ambitsa makope. Zinali zoonekeratu: ndikapanda kupita, mwana aphonya mwayi wake, ndikapita, ntchito ndi Joni ndatsanzika.

Ndinakamuuza Kaputeni. Anati malo anga sangawasunge, udzu sudikira munthu. Kenako anandikhazika pansi, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kundipatsa mawu oti ndikamuuze mtsikanayo. Anati amalize kaye koleji, asathawe mayeso pothamangira yunifomu. Anati adziwe kuti kumeneko munthu amayamba wakhala msilikali, kuyendetsa ndege kumabwera pambuyo, mwinanso osabwera. Adzamumeta, adzamukalipira, adzaguba padzuwa miyezi yambiri asanakhudze chiwongolero. Asamale maso ndi makutu, azithamanga, ndipo asadzanamize dokotala ngakhale pa kanthu kakang'ono. Aphunzire kudzudzulidwa pagulu osasunga mangawa. Chomaliza anati ndikamufunse ngati akuopa. Akakati ayi, ndisakamulole.

M'basi ndinakonza zolankhula ziwiri, china chovomera, china chokana, ndipo zonse zinali zokoma. Tikuwoloka Zambezi ku Tete ndinali wokana. Tikulowa pa Dedza, nditaona mapiri aja ndi amayi ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu, ndinali wovomera. Pofika ku Nathenje ndinali nditasokoneza ziwirizo.

Lilongwe sanandidikire. Misewu inakula, ina kudutsana pamwamba, ndipo njinga zamoto za kabaza zinali ponseponse ngati njuchi. Sitolo ya misomali ija tsopano amagulitsamo mafoni. Pa depoti ndinaima ndi zikwama zanga ngati mlendo, mpaka mtsikana wina wamtali kundiposa anagwada pang'ono n'kundilanda chikwama chachikulu, kuchinyamula ndi dzanja limodzi. Ndinayang'ana mano ake. Onse analipo.

Achemwali anandilandira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena kuti ku Joni anthu amapita akuda tsitsi n'kubwerako atapaka ufa. Iwonso anali atachepa thupi, ndipo poyenda ankakoka mwendo umodzi, zimene palibe anandiuzapo pa foni. Za mwana sanatchule. Anati nkhaniyo ndi ya Lamlungu, tikaweruka ku tchalitchi.

Lamlungu masana anandiikira mpando pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa kanyumba kawo. Iwo anakhala pa mkeka, Tiyamike pambali pawo atavala chitenje, wofatsa ngati si uja wa masamu. Achemwali anaiyamba nkhani mwa mwambo wake, kundifotokozera ngati sindinaimvepo, n'kumaliza ndi kuti mwana ndi wanga, ndiweruze. Zolankhula zanga ziwiri zija zinathawa zonse. Ndinangopereka mawu a Kaputeni mmodzimmodzi monga ndinawalandirira, ndikunena poyera kuti si anga, chifukwa ine ulendo wanga wonse wa pa ndege unathera pa shedi pomwe unayambira. Tiyamike ankangogwedeza mutu. Zambiri ankazidziwa kale kundiposa.

Kenako ndinamufunsa ngati akuopa.

"Ndikuopa, atsibweni," anatero. "Ndikuopa kugwa, ndikuopanso kuti mwina sadzandisankha n'komwe. Koma ndikaganiza zosiya, mantha ake amaposa pamenepo."

Ndinkafuna ndithu kupeza chifukwa chomukaniza, koma sindinachipeze. Ndinati apite. Ndiye ndinatembenukira kwa achemwali, kukonzeka nkhondo. Ndinayamba kuwanyengerera, kuwafotokozera za kuzungulira ndege wapansi, za timafuta ta m'kabotolo, za mmene anthu amenewa amasamalira. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma.

"Wamaliza, Dayisoni?" anandifunsa. "Ukuganiza kuti amene amamudzutsa m'mamawa kuti akathamange ndi ndani? Amene anapita naye kukayezetsa maso ndi ndani? Ine ndinavomera kalekale."

Tiyamike anadzutsa mutu, kukamwa kuli yasa. Iyenso sankadziwa. Ankaganiza kuti mayi ake amamudzutsa pofuna kuti atope, asiye yekha.

Ndinafunsa kuti nanga andiitaniranji, ntchito yanga n'kutha. Achemwali anamasula foni pa nsonga ya chitenje, n'kuifufuza pang'onopang'ono ndi chala chimodzi. Foniyo inali yachitatu kapena yachinayi chichokereni ine, koma mavoisi anga onse ankauza ana a abwana awo kuti awasamutsire. Ankawamvera akusita. Anatsegula imodzi. Ndinamva mawu a munthu wachinyamata kundiposa, mphepo ikuwomba kumbuyo kwake, akudziseka za ndege imene inathamanga n'kubwerera ku shedi. Anaisiya mpaka pamene munthuyo ananena za kubwerera msewu usanathe, n'kuitseka.

"Zimenezi unkaphunzitsa mwana," anatero. "Iwe msewu wako unkatha, ukungothamanga. Ndikanati ndikudwala mwendo ukanatumiza ndalama. Ndikanati ndakusowa ukanati chaka chamawa. Chimene sukanatha kutumiza ndi transipota ndi mpando uwu wokha."

Ndinayesa kukwiya. Ndinayesadi, chifukwa munthu wanzeru zake amayenera kukwiya akapusitsidwa ulendo wodutsa mayiko atatu. Koma anali asanamalize. Anayang'ana mwana wawo, kenako pansi, n'kunena motsitsa kuti iwonso akuopa, kuposa tonse. Anati tsiku limene Tiyamike adzauluke sakufuna kudzayang'ana kumwamba ali okha.

M'mabuku onse a Kaputeni munalibe tsamba la zimenezi. Koma ndinazindikira kuti pa ntchito zonse za ku ndege, imeneyi yokha ndi imene ndimaidziwa yonse, osati theka. Zaka zonse zija ndinkaima pa khomo la shedi, dzanja pa chipumi, kudikira kadontho kakuda kaoneke kumwamba, kumvetsera injini, osalowa m'nyumba mpaka matayala atagunda pansi.

Pano ndili ndi kabenchi ka mabuku akale mu Old Town, pafupi ndi pamene panali misomali. Malonda ake ndi apang'ono, makamaka chifukwa buku likandikomera ndimauza kasitomala kuti abwere mawa. Anzake a Tiyamike a ku koleji amabwera nthawi zina, anyamata ndi atsikana amene nawonso akulota ndege za asilikali, atamva kuti pali mkulu wina wodziwa za ndege. Ndimayamba ndawauza kuti yanga sinauluke, kuti asataye nthawi. Akakhalabe, ndimawapatsa mawu a Kaputeni aja, ndi funso lake. Ndimawonjezapo langa limodzi: asananyamuke akakhale pansi ndi amene adzatsale, awafunse ngati ali ndi woima naye.

Tiyamike asilikali anamutenga. Anamumeta, ndipo pamene ndikulemba pano akuguba padzuwa, ndege sanaikhudze. Kaya adzamusankha kaya ayi, sitikudziwa. Lamlungu ndimakwera minibasi kupita ku Area 14, osati kutumiza voisi. Achemwali amasita, ine ndimakhala pa mpando uja n'kumawawerengera nyuzipepala ya tsiku lomwelo, yonse. Ndege ikamveka kumwamba amaimika simbi n'kutuluka panja akukoka mwendo, ine pambuyo pawo. Amadziwa bwino kuti mwana wawo sali mmenemo. Amati tikuyeserera. Timaima awiri pansi pa mapeyala, manja pa chipumi, mpaka itazimiririka, kenako amandikumbutsa kuti tiyi wanga akuzizira.